Mdzukulu wa Mayi Sizasi

Pashopu yosoka madiresi a ukwati ndi mayunifomu a sukulu paja, onse ankawatchula kuti Mayi Sizasi. Ena ankati dzinalo linabwera chifukwa iwowo ndi amene ankadula nsalu zonse zisanapite kumakina, ndipo dzanja lawo silinkaphonya mzere wa choko. Ena, makamaka atsikana omwe anakalipidwapo chifukwa cha kolala yokhota, ankati ayi, sizasi yeniyeni ili pakamwa. Onsewo sankanama.

Anali mayi wodzisamala. Nsapato zawo sizinkaoneka fumbi, ndipo akamva kuti uje wachita zochititsa manyazi, ankapukusa mutu n'kunena kuti, “Anthu enawa kaya analeredwa bwanji.” N'chifukwa chake nkhani ya kunyumba kwawo ankaibisa ngati chilonda cha pamalo osaonetsa anthu.

Nkhaniyo inali ya amuna awo. A Dalaivala anayendetsa basi ya kampani kuyambira ali mnyamata mpaka pomwe maso anayamba kuona mwachimbuuzi, kampani n'kuwapumitsa. Chakumapeto kwa ntchitoyo, akusesa m'basi, anatola kachidole kapulasitiki pansi pa mpando: kanyama kobiriwira, kakhosi lalitali ngati payipi, kamutu kakang'ono. Mwini wake sanabwere kudzakafunsa. Anakaponya m'thumba la jekete n'kupita nako kunyumba. Mayi Sizasi ankati matenda anayambira pomwepo.

Amuna ena akapuma pantchito amaweta nkhuku, ena amatsegula kagolosale, ena amangokhala pakhonde n'kumatsutsana ndi wailesi. A Dalaivala iwo anayamba kuzungulira mumsika, m'mabenchi ogulitsa zinthu zakale, kumavundukula milu ya zidole zoduka miyendo kufunafuna madainoso, zilombo zija amati zinkayenda padziko anthu asanakhalepo. Ankabwera nazo zili bii, n'kuzitsuka m'beseni ndi mswachi wakale, kuziyanika pazenera, ndipo zosupuka utoto ankazipenta ndi kaburashi kopyapyala. Panali cha nyanga zitatu, cha minga kumsana, cha mapiko ngati a mleme, njovu yaubweya, ndi china chamano ambiri koma chatimanja tosafika n'komwe pakamwa, chimene ankati chimawakumbutsa bwana wawo wakale wa ku depoti. Mayina ake onse ankawadziwa, mayina opotoza lilime, ndipo anapezanso buku la zithunzi lomwe ankawerenga ndi galasi lokuza zilembo.

Pang'onopang'ono zilombozo zinalanda kabati yagalasi ya pabalaza. Mbale zamaluwa zomwe Mayi Sizasi ankasungira alendo zinatsikira pashelefu yapansi, kenako zinasamukira kukhitchini.

“Bambo, imvi zonsezi, mukusewerabe ndi zidole?”

“Sindikusewera, mayi. Ndikusunga.”

“Kusunga chiyani? Zimaikira mazira?”

“Zikanakhala zamoyo bwenzi zikuikira,” ankayankha motero A Dalaivala, n'kuseka okhaokha mpaka kutsokomola.

Chifukwa cha zimenezi Mayi Sizasi anasiya kuitanira anzawo a kuntchito kunyumba. Wina akati adzawachezere, ankapeza chonamizira.

Tsiku lina masana kunagwa chimvula, iwo ali ndi diresi loti akamalizire kuika mikanda kunyumba. Madamu, mwini wake wa shopu, anati awaperekeze pagalimoto. Mayi Sizasi anayesa kuti atsikire pamphambano, koma Madamu anakana kwamtuwagalu: diresi la eni ake likanyowa ayankha ndani? Anakawasiya pakhomo penipeni, ndipo poti mvula inali isanakate, kunali kosatheka kumusiya mlendo m'galimoto.

Anapeza A Dalaivala atakhala pansi pabalaza, atavala vesti ndi kabudula, beseni lili pakati pa miyendo. Ankatsuka m'kamwa mwa chilombo chamano chija, lilime lawo litatuluka pang'ono monga ankachitira akaika mtima pa chinthu. Zina zinali zitandanda pathaulo patebulo ngati ana a sukulu pamzere.

“Iii, koma ndiye ziliko!” anatero Madamu akukutumula ambulera. “Zonsezi n'za ndani?”

Nkhope ya A Dalaivala inawala. Panali patapita nthawi chibwerereni munthu wofunsa za zilombo zawo, ndipo anayamba kudzuka, chilombo chili m'manja, kuti afotokoze. Mayi Sizasi anaona vesti yong'ambika m'khwapa, thovu la sopo pabondo, ndiponso milomo yopenta ya Madamu.

“N'za mdzukulu wathu,” anawadula. “Agogo akewa akungomutsukira. Mwana amazidetsa.”

“Kodi muli ndi mdzukulu? Osatiuza nthawi yonseyi! Mnyamata kapena mtsikana?”

“Mnyamata.”

“Ndiye mumamukondatu, agogo,” anatero Madamu potembenukira kwa A Dalaivala.

A Dalaivala anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana m'beseni.

“Eya,” anatero. “Timamukonda.”

Anakhalanso pansi pang'onopang'ono, koma mswachi sanaugwirenso. Madamu anamwa tiyi, anayamikira makatani, mvula itakata n'kumapita.

Mayi Sizasi anayembekezera mkangano, ndipo mawu oyankhira anali atawanola kale. Koma mkanganowo sunabwere. Mawa lake pobwera kuntchito anapeza kabati itapukutidwa, mbale zamaluwa zitabwerera m'malo mwake, zilombo zonse zitalongedzedwa m'makatoni m'kachipinda kosungiramo makasu ndi njinga yakufa. Poyamba mtima unakhala pansi. Koma atakhala pampando n'kuyang'ana mbalezo, anaona kuti sizikuwasangalatsa. Anafuna kunena kuti sindinakuuzeni kuti muchotse, koma zoona zake n'zakuti anali atawauza kambirimbiri.

Chinanso chinali chakuti m'nyumba imeneyo mawu akuti mdzukulu sankatchulidwa. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, yemwe ankagwira ntchito kufamase m'tauni. Anakwatiwa kalekale, ndipo kawiri konse anapita padera. Ulendo wachiwiriwo Mayi Sizasi anamufunsa, mwachikondi monga ankaganizira iwo, ngati sankanyamula zolemera, ngati sankachedwa kupita kuchipatala, ngati ankamvera zomwe akuluakulu amanena. Mwanayo anangoyang'ana kukhoma. Kuyambira pamenepo nkhaniyo inangofa yokha.

Kushopu anapeza nkhani itawatsogolera.

“Agogo afika!” anakuwa mtsikana wa pa ovaloko, makina osokera m'mphepete mwa nsalu, onse n'kuomba m'manja.

Apa ndi pomwe akanakonza zinthu. Akanangoti ndimacheza, lilime linaterereka. Koma atsikana anali atawazungulira, akumwetulira, chinthu chomwe sichinkachitika patebulo lodulirapo nsalu.

“Dzina lake ndani?”

“Ife timangomuti Kabwana.”

“Wamkulu bwanji?”

Mayi Sizasi anatambasula dzanja n'kuloza msinkhu wofika pa tebulo. Basi, mwana uja anabadwa.

Bodza likangopeza mpando limaitana abale ake. Masiku otsatira atsikana ankafunsa za Kabwana m'mawa uliwonse, ndipo Mayi Sizasi ankapeza choyankha. Kabwana amakana kusamba ngati chanyama chakhosi lalitali sichinalowe nawo m'bafa. Kabwana anaponya njovu yaubweya m'ketulo akuti ikumva kuzizira. Kabwana satha kunena kuti sizasi, amati sasi. Shopu yonse inkafa ndi phwete. Atsikana anasiya kubisa zolakwa zawo, ankabwera nazo okha kudzafunsa, ndipo wina anayamba kuwasungira kapu yawo ya tiyi kuti isazizire. Choopsa kwambiri chinali chakuti akamafotokoza, ankamuonadi mwanayo: kamutu kometa, mpata wa m'mano, makutu otambasuka ngati a agogo ake aamuna.

Manyazi ankawapeza m'basi pobwerera. Ankakhala pafupi ndi zenera, chikwama pamiyendo, n'kumadzifunsa kuti mayi wamkulu ngati ine ndikuchita chiyani. Ankalumbira kuti mawa anena zoona. Mawa likafika wina ankafunsa kuti Kabwana wagona bwanji, iwo n'kuyankha kuti ali ndi kachimfine.

Tsiku lina Madamu anabwera ndi jumbo yodzaza zovala zomwe zinawachepera adzukulu awo. Munali timakabudula, majuzi, ndi tinsapato tina toyaka magetsi kuchidendene mwana akaponda. Mayi Sizasi anathokoza ndi manja awiri, anapita nazo kunyumba, n'kuzikankhira pamwamba pa wodilopu kuseri kwa masutikesi. Amuna awo anawaona akukwera pampando, anaona kansapato katatulukira m'jumbomo, koma anangotuluka n'kukakhala pakhonde. Masiku amenewo ankakhalitsa pakhondepo. Kumsika anasiya kupita. Ankangoyang'ana magalimoto odutsa, n'kumadzudzula chamumtima madalaivala osadziwa kusintha giya.

Loweruka lina masana mwana wawo anafika. Nthawi zonse ankabwera ndi zipatso, n'kuyamba kuseka asanalowe n'komwe. Tsiku limenelo analowa osagogoda, anapatsa moni bambo ake pakhonde, ndipo atafika pabalaza sanakhale pansi. Mayi Sizasi anali akusita.

“Wabwera bwanji osaimba? Khala pansi, nditereke madzi.”

Mwanayo anatsegula chikwama, anatulutsamo kamalaya n'kukayala pabolodi yositira. Kanali kamalaya ka mwana, ka nsalu yabuluu ya yunifomu, ndipo pathumba pake panali posokedwa kadainoso kobiriwira. Mayi Sizasi anaizindikira nsaluyo. Zinali zidutswa zotsala patebulo lawo lomwe.

“Abwana anu anabwera kufamase dzulo kudzagula mankhwala,” anatero mwanayo, mawu ake ali phee. “Anandizindikira, paja diresi langa la ukwati linasokedwa kwawo. Ati anakasoka okha kamalayaka, amafuna akupatseni Lolemba, koma poti akumana ndi mayi ake a mwana, bola apereke kwa mwini wake.”

Mayi Sizasi anaimika ayironi.

“Pamzere panali anthu, amayi. Anzanga a pakauntala onse anali pomwepo, anthu oti amadziwa zonse zomwe ndadutsamo. Abwana anu akufunsa mokweza kuti kachimfine kamusiya Kabwana? Mukudziwa zomwe ndinayankha? Ndinati kamusiya. Ndinathokoza. Kenako ndinakalowa kositolo ya mankhwala n'kudzitsekera.”

“Mwanawe, ndimvere kaye...”

“Ndikumverani. Ndiuzeni za mwana wanga, nanenso ndimudziwe. Anabadwa liti? Amafanana ndi ndani? Akuti amakonda kusamba ndi zidole?”

“Sizinali choncho. Anabwera kuno mwadzidzidzi, anapeza bambo ako atakhala pansi ndi zidole zawo zija, ine manyazi anandigwira, mawu anangotuluka.”

“Manyazi anakugwirani chifukwa cha ababa, ndiye munatola ine.” Anawayang'ana m'maso. “Kapena ndi ine amene mumachita naye manyazi? Nenani. Munaona kuti poti weniweniyu walephera, bola mudzipangire wanu.”

“Ayi! Usatero.”

A Dalaivala anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Mwanayo anawatembenukira.

“Nanunso ababa mumadziwa?”

“Ndinalipo,” anayankha. “Anandifunsa, ine ndinavomera. Ndinalakwa, mwana wanga.”

Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anatseka chikwama n'kutuluka. Bambo ake anamutsatira mpaka pamsewu. Mayi Sizasi anawaona pazenera ataima pafupi ndi mtengo wa magetsi, bambo akuyankhula chapansipansi, mwana akupukusa mutu, mpaka basi inabwera.

Atabwerera, A Dalaivala anazimitsa ayironi pakhoma, poti inali itayamba kununkha, n'kukhala pampando.

“Mayi,” anatero, “tsiku lija mukanangonena kuti amuna angawa mutu unasokonekera. Ndikanavomera. Mwinanso n'zoona pang'ono. Ine ndi wamkulu, kusekedwa sikungandiphe. Koma mwanayu ayi.”

Mayi Sizasi, amene sankasowa poyankha chikwatiwireni, anangozyolika. Akanakonda amuna awo akanawakalipira, kapena kuswa mbale imodzi. Koma bamboyo anangodzuka n'kukathira madzi maluwa.

Lolemba Mayi Sizasi analawirira kushopu, jumbo ya zovala ija ili m'manja. Anadikira kuti onse afike, makina ayambe kulira, Madamu akhale pa desiki yawo pakona. Ndiye anagogoda patebulo ndi chogwirira cha sizasi. Makina anazima amodziamodzi.

“Ndili ndi mawu,” anatero. Anayang'ana pa nsalu yomwe inali patebulo, chifukwa kumaso kwa anthu sakanatha. “Ine ndilibe mdzukulu. Kabwana kulibe. Ndinanama tsiku lija Madamu anabwera kwathu, ndipo ndakhala ndikunama tsiku ndi tsiku. Mwana wanga alibe mwana. Anapita padera kawiri. Zovala zanu izi, Madamu. Pepani nonse.”

Mtsikana wa pa ovaloko anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma ataona nkhope za anzake anadzigwira pakamwa. Madamu anavula magalasi pang'onopang'ono.

“Mayo ine,” anatero. “Ndiye mtsikana uja... Inetu ndinamuuza kuti asachedwe, amupezere mlongo wake mwanayo. Pamaso pa anthu! Mayi, mwandipakitsa zotani?”

Zimenezo mwana wawo sanazitchule Loweruka lija. Mayi Sizasi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

“Nanga zidole zija n'za ndani?” anafunsa Madamu.

“N'za amuna anga. Amazitolera, amazikonda.”

“Basi? Nkhani yonseyi n'kukhala imeneyo? Anga amatolera mabotolo a mowa, ataumwa okha. Mukanandiuza bwenzi titasinthana.”

Palibe anaseka. Madamu anavalanso magalasi, anakankhira jumbo ija pansi pa desiki ndi phazi, n'kunena kuti mayunifomu akudikira. Makina anayambanso kulira. Tsiku lonselo palibe anawayankhula kupatula zantchito. Pa nthawi ya tiyi atsikana anatulukira panja, ndipo Mayi Sizasi ankamva manong'onong'o kuseri kwa zenera. Anadziwa kuti mawu awo omwe aja, akuti anthu ena kaya analeredwa bwanji, akuyenda pakamwa pa wina kunjako. Chakumadzulo mtsikana wa pa ovaloko anabwera ndi siketi yoti aione, ndipo akuchoka ananena chapansipansi kuti, “Komatu ine ndimamukonda Kabwana.” Mayi Sizasi anafuna kuyankha kuti nanenso, koma anaona kuti alibe ufulu wonena zimenezo.

Mwana wawo sankayankha foni. Ankaimba m'mawa, ankaimba madzulo, foni n'kumangoitana mpaka kuduka. Ya bambo ake ankayankha. A Dalaivala ankapita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo akabwerako ankangoti, “Ali bwino, akuti kuntchito kwachuluka anthu.” Mkamwini wawo anakumana nawo kamodzi mumsewu, anawapatsa moni waulemu wonse, koma za mkazi wake sanatchule, nawonso anaopa kufunsa.

Patapita masabata angapo, Mayi Sizasi anapempha kuweruka msanga n'kupita kufamase. Anazungulira kaye panja, anayang'ana nsapato pawindo la sitolo yoyandikana nayo, kenako analimba mtima n'kulowa. Anaima pamzere ngati wina aliyense. Anaona anzake a mwana wawo akugwedezana ndi zigongono, ndipo anadziwa kuti amuzindikira mayi wa bodza uja. Sanachoke. Atafika kutsogolo, mwana wawo anakweza maso, atavala gauni yake yoyera.

“Tikuthandizeni chiyani?”

“Sindinabwerere mankhwala. Kushopu ndinanena zoona, pamaso pa onse. Ndabwera kuti ndikupepese, kaya undimvera kaya sundimvera.”

Kumbuyo kwawo bambo wina anatsokomola mosonyeza kuti akuchedwa. Mwanayo anasuntha timabokosi pakauntala popanda chifukwa.

“Mudikire panja. Ndatsala pang'ono kuweruka.”

Anadikira pabenchi ya pakhonde la sitolo, chikwama pamiyendo. Mwanayo atatuluka, anayamba kuyenda, iwo n'kumamutsatira pambali. Anadutsa ogulitsa nthochi, anadutsa pokonzera mafoni. Mayi Sizasi anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anaoneka opepuka.

“Ndinakulakwira,” anatero basi. “Ndilibe podzikanira.”

“Munawauza kuti kangati?”

“Chiyani?”

“Kushopu kwanuko. Munati ndinapita padera kangati?”

“Kawiri.”

“Ndi katatu, amayi.”

Mayi Sizasi anaima chilili pakati pa njira, mpaka wanjinga wina anawaimbira belu.

“Liti?”

“Chaka chathachi, nthawi yozizira. Amuna anga anali kutali ndi ntchito. Ndinaimbira ababa. Ndi amene anandiperekeza kuchipatala.”

Mayi Sizasi anakumbukira. Panali masiku ena pomwe amuna awo ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo atatopa, akuti anali kumsika, ndipo iwo anawakalipira kuti munthu wamkulu kutha tsiku lonse kusakasaka zidole.

“Bwanji sunandiuze ine, mayi ako?”

“Mukanandifunsa kuti ndinanyamula chiyani.”

Mawu amenewo sanawanene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake analowa kwambiri. Anayambanso kuyenda.

“Ababa sanandifunse kalikonse,” anapitiriza mwanayo. “Ankakhala pambali pa bedi, chipewa pabondo, osadziwa choti anene. Ndiye anayamba kundifotokozera za zilombo zawo zija. Chakuti chinkadya masamba, chakuti chinali chachitali kuposa nyumba yosanja, chakuti ubongo wake unali wochepa ngati wa kondakitala wawo wina. Mayi wa pabedi loyandikana nane anaseka mpaka anamwino anabwera kudzatiletsa. Ine sindinkamva n'komwe zomwe ankanena. Ndinkangofuna munthu woyankhula zina.”

Mayi Sizasi anafuna kulira, koma anaona kuti akalira, mwanayo ndi amene akhale ndi ntchito yowatonthoza. Anangotambasula dzanja n'kulanda jumbo yomwe mwanayo ananyamula, ndipo iye sanakanize.

Pa siteji panali anthu ambiri oweruka kuntchito. Basi yopita kwa Mayi Sizasi inabwera koyamba, kondakitala akukuwa, koma iwo sanasunthe. Mwanayo anawayang'ana cham'mbali.

“Yanu ija ikupita.”

“Ipite.”

“Sindinati ndakukhululukirani.”

“Ndamva.”

Itabwera ya mwanayo, anakwera onse. Malo anapezeka amodzi okha, ndipo anakankhizana, uyu akuti khalani amayi, awa akuti khala ndiwe waima tsiku lonse, mpaka mnyamata wina wa chipewa chofiira anadzakhalapo iwo akulimbana. Mwanayo anaseka pang'ono, mosafuna, n'kutembenukira kuzenera.

Kunyumba kwa mwanayo Mayi Sizasi anakhala m'mphepete mwa sofa ngati mlendo woyamba kufika. Kale akabwera ankayamba ndi kuyendetsa chala pamwamba pa wailesi kuona fumbi, kenako n'kunena za makatani. Tsiku limenelo manja anawasunga pamiyendo. Mwanayo anavula nsapato, anadziponya pampando wina n'kutseka maso, kutopa kukuoneka pankhope yonse.

“Masamba a tiyi umasunga pati?” anafunsa Mayi Sizasi.

“M'kabati yapamwamba, kumanzere. Shuga watha.”

“Timwa wopanda shuga.”

Anadzuka n'kulowa kukhitchini.